Mango a mayi a mdala Chikopa

"Bodza limenelo, mwana iwe! Mzungu wake uti?"

Anandidula choncho a Chikopa, mdala wokonza njinga pa Songani, pamaso pa alendo anga. Nditalephera Fomu 2, ndinadzilemba ndekha ganyu yoonetsa ophunzira a kukoleji malo akale a ku Domasi, poti mbiri yokha ndiye ndinkakhoza. Tsikulo ndinali nditawauza kuti mtengo waukulu wa mango kumtsinje anadzala mzungu atangopha mikango khumi.

Poopa kuluza ganyu, ndinanong'oneza alendowo kuti, "Asiyeni, mutu sukoka."

Mdala anamva. Sanakalipe, anangosisita mtengowo.

"Anadzala mayi anga. Ogula akapolo anawataya pano ali kamtsikana, miyendo itatupa, atafumbata mango amene anawaponyera ngati kamba wa paulendo."

Abale! Mtengo womwe ndakhala ndikugenda chibadwire! Mdala anapita ndisanapepese n'komwe.

Ndinaulula zonse m'kalata kwa mnzanga Wisikesi ku Limbe. Anayankha kuti: "Aise, wapezadi wokuposa, ndipo iye sanama. Kapepese, uziwapopera matayala, akuuze zotsalazo asanapite nazo kumanda."