Khomo la Mlimi Pamwamba pa Bolton

Ndikakumbukira agogo aamuna, bambo awo a mayi, ndimamva fungo la mapepala akale onyowa akuuma pa hita, losakanikirana ndi la mafuta opaka pachifuwa. Anabwera ku Bolton, ku Mangalande, pa viza ya alendo chaka chimene agogo aakazi anamwalira, ine ndili ndi zaka khumi. Mayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba, choncho masana ambiri m'nyumba tinkatsalamo awiri.

Anali mphunzitsi wopuma wa ku Dedza. Chingerezi chawo anachitola m'kabati ya mabuku ya pa mishoni, m'nkhani za azondi ndi za munthu wonamiziridwa kupha, amene akuthawa apolisi ndi zigawenga nthawi imodzi, kudumpha m'sitima ikuyenda, kugona m'mapiri a udzu opanda mtengo. Ku Bolton anawapeza mabuku omwewo m'mashopu a zinthu zakale, achikasu, ena opanda chikuto, ndipo ankabwera nawo m'matumba a jekete akumwetulira ngati akumana ndi abale. Ankawerenga mokweza pafupi ndi windo, chala chikuyenda pansi pa mzere, kunja mabasi akulira mabuleki pamvula.

"Agogo, onsewa si nkhani imodzi yomweyo?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Imodzi, inde. Koma taona, Tadala. Wothawayo akatopa amagogoda pa nyumba ya mlimi. Samufunsa dzina. Amamupatsa mkaka, buledi ndi malo pamoto. Anthu amenewa ali ngati ife. Dziko lolemba zotere silingakhale loipa."

Mawu amenewa anawaphunzitsa ana a sukulu moyo wawo wonse, dzikolo asanaliwone. Tsopano ankafuna kuliwona.

Loweruka lina mayi ali ku ntchito, agogo anavala tayi, n'kundiveka chipewa, tinakwera basi mpaka pomwe imathera. Tinayamba kukwera phiri la kumpoto kwa tauni, pakati pa mipanda ya miyala ndi nkhosa zaubweya wakuda ndi matope. Agogo ankaima pafupipafupi, akupuma mwabefu, akuloza chilichonse. "Ndi pompano! Ndendende!" Kenako kunagwa nkhungu, mvula yopyapyala inalowa mpaka m'masokosi, njira inasowa. Mano anga ankagundana.

Patsogolo panaoneka nyumba ya miyala, utsi ukutuluka padenga. Agogo sanachite mantha ngakhale pang'ono. Anakonza tayi, anavula chipewa mvula ikugwa, anagogoda mwaulemu n'kubwerera mmbuyo, monga amachitira munthu wonena odi.

Katani inagwedezeka. Galu anauwa mkati. Tinamva loko akukhomedwa.

"Akuvala bwino kaye," anatero agogo. Anagogodanso, n'kufotokozera chitsekocho m'Chingerezi chawo cha m'mabuku kuti ndife apaulendo osochera, ndipo mwanayu wazizidwa. Tinaima pamenepo mpaka madzi anayamba kudontha kuchibwano kwawo. Chimene chinabwera ndi galimoto ya polisi.

Apolisiwo sanatukwane, sanagwire munthu. Wamkazi anagwada n'kundifunsa ine ngati bamboyu ndikumudziwa, ngati wandikakamiza kubwera kuno. Agogo akayamba kuyankha ankawakwezera dzanja kuti adikire. Anatiperekeza kunyumba, ine atandifunditsa bulangete, agogo atakhala kumbuyo chipewa chili pamaondo, osayang'ana kunja.

Mayi anaitanidwa kuchoka ku ntchito. Apolisi atapita mayi anatseka chitseko.

"Bambo, mukufuna andilande mwana? Kuno munthu sagogoda pakhomo la eni. Si ku Dedza kuno!"

"Ndamva, mwanawe," anatero agogo.

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba munalibenso mawu owerenga. Munali chifuwa chokha, chouma, chimene sichinawasiye. Anapempha kuti tikiti yawo isinthidwe, ananyamuka viza isanathe. Akulongedza ndinaona mabuku onse atandandalikidwa pawindo.

"Agogo, mwaiwala mabuku."

"Akulemera," anatero, akutseka sutikesi yopanda kanthu mbali imodzi. Anamwalira ku Dedza mvula yotsatira.

Lero ndine mtolankhani ku Bradford, ndipo ndimakonda zinthu zotsimikizika. Nazi zomwe ndikudziwa. Mabuku aja akusindikizidwabe, ndimawaona pa siteshoni ali ndi zikuto zatsopano, ndipo amagulidwa ndi okalamba ndi achinyamata omwe. Sindikudziwa amene anali kuseri kwa katani ija. Mwina anali mayi wokalamba wokhala yekha, wamantha ngati ine. M'mabukumo munthu wakhungu ngati la agogo akapezeka, amakhala wonyamula katundu. Iwo ankadziwa zimenezo, komabe ankadziika m'nsapato za wothawa uja.

Mabuku awo ndili nawo, ndipo ndimawawerenga m'sitima popita ku ntchito, chifukwa ndi okoma ndithu, munthu umapitirira siteshoni yako. Koma wothawayo akangoona nyali ya mlimi patali n'kuyamba kutsetsereka phiri, ndimatsegula masamba awiri pamodzi, ndikamupeze mmawa ali kale panjira, atakhuta.