Zala za Lorene ndi Kamfuti ka Pinki

Mlongo wanga Lorene Tackett anadula nkhuku m'fakitale ya kuno ku Arkansas kuyambira ali mtsikana mpaka zala zake zinapindika ndi nyamakazi. Masiku ano botolo la jamu amachita kundibweretsera kuti ndimutsegulire. Sadandaula, ndipo kusadandaulako ndi kumene kumandipsetsa mtima.

Mwamuna wake wakale, Harlan, amene anamuthyola nsagwada, anatuluka m'ndende chaka chatha n'kukakhala tsidya la mtsinje. Khoti linamuletsa kuyandikira Lorene, khoti lomwelo limene linamutulutsa msanga. Lorene anasiya kuyanika zovala panja. Galimoto ikachedwa kudutsa pamsewu, ankakhala pansi kuseri kwa firiji. Tsiku lina anati, "Achimwene, ndiperekezeni ndikagule mfuti."

Mwini sitolo ya mfuti ndi Buford, amene ndinamuphunzitsa mbiri yakale kusekondale koma osatolapo kanthu. Asanamufunse Lorene funso lililonse, anatulutsa kamfuti ka pinki, kopepuka ngati sopo.

"Aka ndiye ka azimayi, mayi. Kamalowa m'kachikwama pamodzi ndi zodzoladzola, palibe angadziwe. Kapena aphunzitsi ali ndi mawu? Paja iwo amadziwa zonse."

Amuna a kuno onse mutu ndi umodzi: mkazi, mfuti yaing'ono. Amaiwala kuti timfuti totere timakankha dzanja koopsa, ndipo kachitsulo kokoka powombera kamakhala kolimba. Lorene sanakayese. Anachita manyazi kuonetsa zala zake pamaso pa amuna amene anadzaza m'sitolomo. Anangogula.

Patapita miyezi ingapo, Lamlungu lina tikuchokera kutchalitchi tinaima pomwetsera mafuta. Ine ndinalowa kukalipira. Potuluka ndinapeza Harlan atatsamira pa zenera la mbali ya Lorene.

"Wakalambatu iwe, Lorene. Moni wokha ukundimana? Alamu, muli bwanji? Pakamwa paja padakali pakuthwa?"

Anaseka, anamenya denga la galimoto ndi chikhatho, n'kumapita. Dzanja la Lorene linali m'kachikwama.

Sanalole kuti ndikamutule kwake. Tinapita kumunda wa kuseri kwa nyumba yanga, iye n'kuloza kamfuti kaja pa chitsa. Anakoka ndi chala chimodzi, zii. Anawonjezera chala cha dzanja linalo, nkhope ili thukuta lokhalokha, mfuti ikugwedera uku ndi uku. Siinalire.

"Miyezi yonseyi ndimayenda ndi mwala m'chikwama, achimwene," anatero chapansipansi. "Akanatsegula chitseko chija?"

M'mawa mwake tinabwerera kwa Buford. Lorene anayala manja ake onse pa tebulo lagalasi loonetsera mfuti.

"Muyambe mwaona izi, bambo, kenako mundigulitse."

Anayesa mfuti imodziimodzi mpaka anapeza imene zala zake zinaitha: yaikulu, yakuda, yolemera, ya tizipolopolo timene amuna a kuno amanyoza kuti n'towombera agologolo. Buford anayamba kunena zomwezo. Ndinamuyang'ana ngati kale m'kalasi, anameza mawu.

Mfutiyo m'kachikwama siilowa. Amaimanga m'chiuno n'kuvala jekete la malemu bambo athu pamwamba, ngakhale mu Julaye pamene kuno dzuwa limaswa mtengo. Azimayi a kutchalitchi amamufunsa ngati akudwala, iye amati amamva kuzizira.

Chitsa chija tsopano ndi mabowo okhaokha. Koma Harlan adakali tsidya la mtsinje, ndipo zovala za Lorene zikuumirabe m'nyumba.