Lamba wa Pamkono

Chilimwe chikafika pachimake, thukuta limamatula chilichonse chomata, ndipo atelala a pakona amadziwa kuti ntchito yawo yakwana. Ndi mayi wosachulutsa mawu. Amasoka ataluma mapini, ndipo akawalavula amakonda kunena za tepi yawo yoyezera kuti, "Tepi sinama, wonama ndi mwini thupi."

Mwana wawo wamkazi ali ndi matenda a shuga, ndipo amavala kachipangizo komata pamkono kamene kamayeza shugayo tsiku lonse. Loweruka lililonse anzake a matenda omwewa amadzaza khonde, kuonetsana manambala pafoni ndi kusekana. Atelala sawalangiza. Amangowasokera malamba a lasitiki kuti tizipangizoto tisagwe ndi thukuta.

Loweruka lina kunabwera mtsikana wachilendo atavala juzi, dzuwa likuswa mtengo. Mayi ake anali atanong'oneza atelala kuti mwanayo akufuna kumatula kachipangizo kake, chifukwa kusukulu akumutcha wailesi.

"Iwe, juzi padzuwa ili? Ukufuna tikutole utakomoka?" anatero mwana wa atelala, akupinda mkono wa bulauzi yake. "Ona kachipangizo kanga. Ine ankanditcha mita ya magetsi."

Anzake anaseka, aliyense akuonetsa lamba wake. Mtsikana uja anayang'ana malambawo, kenako anavula juzi.

"Amayi, nsalu yofiira ilipo?" mtsikanayo anafunsa atelala.

Atelala anazunguliza tepi pamkono pake, chala chimodzi chili kunsi kuti lamba asadzathine. Anapalasa makina, nadula ulusi ndi mano.