Mwana wanga wanditcha anti

Lamlungu lapitali ndinaimba foni ya vidiyo kwathu ku Ntcheu. Mwana wanga Tadala, wa zaka zisanu, anandiyang'anitsitsa, kenako n'kutembenukira mng'ono wanga Esinati amene akumulera: "Amayi, anti a ku Dubai akukufunani."

Anti! Ine?

Kuti azitcha Esinati amayi palibe vuto. Kwathu mng'ono wa mayi ako ndi mayi ako, basi. Koma kundichotsa ineyo pa umayi? Mtima unangoti myuu.

Ndimalera mwana wa banja lina la Agiriki kuno ku Dubai, ku Jumeirah Lake Towers. M'nyumbamo muli agogo ake aamuna a mwanayo, mphunzitsi wopuma, munthu wokonda mabuku akale onunkha nkhungu. Lolemba anandipeza ndikulira kukhitchini. Nditawafotokozera, anakatenga chibuku china. Akuti akatswiri a kwawo, zaka mazanamazana zapitazo, ankaswa mawu achibale ngati mtedza kuti aone zam'kati. Mawu awo oti bambo ankati amatanthauza wolonda ana. Mbale, wotuluka m'mimba imodzi ndi iwe. Mayi, wosakira mwana chakudya.

"Zina ankangopeka," anatero agogowo, "koma kodi iwe sukusaka? Khalas, basi, pukuta misozi."

Ndinathokoza, koma mantha sanachoke. Kusaka ndikusakadi, chino n'chaka chachitatu. Nanga mwana wa zaka zisanu amamudziwa wosaka? Amadziwa amene amamupukuta mamina, amene amamubereka kumsana kuthamangira naye kuchipatala malungo akamugwira. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Azimayi anzanga ogwira ntchito kuno, a ku Karama ndi ku Al Twar, tisanamizane. Tikakumana kutchalitchi timaonetsana zithunzi za ana atavala nsapato zimene tinatumiza, n'kumasekerera. Ndani mwa ife analimbapo mtima kufunsa mwana wake kuti, "Ine ndine ndani wako?" Ine ayi ndithu, yankho lake ndikuliopa. Kamwana ka eni ake kano kakagwa kamathamangira ine, kusiya mayi ake ali chilili. Nkhope imene madamu amachita pamenepo ndinaiona Lamlungu, nditadziona ndekha pakona pa foni yanga.

Dzulo Esinati wanditumizira uthenga: "Musadandaule akulu, ndamuphunzitsa, ulendo uno anena bwino." Abale, ndiye wangowonjezera mantha. Umayi wochita kuloweza ngati vesi la Sande sukulu?

Lamlungu ndiimbanso. Tadala akadzati "amayi", adzakhala akuyang'ana ine, kapena Esinati kuti aone ngati wakhoza?