Nyumba za pa thabwa la a Yoramu

A Yoramu anabwera kuchokera ku Joni ndi chikhothi, njinga ndi tchizulo. Njinga inatha, chikhothi chinadyedwa ndi njenjete, koma tchizulo ija inawapatsa dzina pa Kasinje. Anasema nayo thabwa la bawo la mlombwa, maenje ake osalala ngati m'kati mwa chikho, nalikhazika pakhonde la sitolo ya a Sidiki, ogulitsa mchere, parafini ndi nsalu.

Kaseweredwe kathu kanali kakale: nkhomo ziwiriziwiri m'dzenje lililonse, basi n'kuyamba kudyana. Pamenepo a Yoramu analibe wofanana nawo. Mkangano ukabuka tonse tinkayang'ana iwo, ndipo akagamula, nkhani yatha. Mnzawo wa tsiku ndi tsiku anali a Cyprian, munthu wofatsa amene ankadyedwa chaka ndi chaka osadandaula.

Chaka chimene ndege za ku migodi zinaleka kunyamula anthu, kunafika a Omari, alamu awo a Sidiki, telala wa ku Mangochi. Anationerera mwaulemu, kenaka anati, "Pepanitu akuluakulu, kwathu awa ndi masewera a ana."

Anatiuza kuti bawo weniweni nkhomo zambiri umazisunga pambali, n'kumalowetsa imodziimodzi. Ndiponso aliyense amakhala ndi nyumba, dzenje la ngodya zinayi losungiramo nkhomo mpaka nthawi yabwino yozimwaza. A Omari sanatipupulumitse. Anayamba n'kukumba timaenje pansi, ndipo munthu akalakwitsa ankamulola kubweza dzanja. Tinapangana kuti tikakolola tonse tisinthiretu. Chotsala chinali kupempha a Yoramu kuti atisemere nyumba pathabwa lawo.

"Thabwa langa si chitsa choti aliyense aziyeserapo nkhwangwa," anatero a Yoramu, nalisenza ulendo wa kwawo. A Omari anangoitanitsa lawo ku Mangochi.

Ndinene mosabisa, nsanje inawagwira akuluwo ngati malungo. Munthu wosasuta fodya anayamba kugula machesi tsiku lililonse. Ankaima pakhomo la sitolo atatifulatira, diso lili pakona, khutu lili kwa ife. Akamva wina akuti "Tifunse a Omari," ankatsonya mpaka a Sidiki kudzidzimuka. Anafika pofunsa anthu ngati telalayo anali nalo khadi la chipani, funso loti masiku amenewo likanamupweteketsa munthu. Mwamwayi analidi nalo.

Koma chowawa kwenikweni chinali a Cyprian. Kaseweredwe katsopano kankafuna munthu wodekha, ndiye ofatsa aja anayamba kupambana, kuseka mpaka kuomba m'manja.

"Zaka zonsezi ndakhala naye, sindinkadziwa kuti ali ndi mano ambiri chonchi," anandidandaulira a Yoramu.

Kunyumba kwawo sikunapite munthu wokasewera. Akazi awo, a Lufina, anayamba kuyanikapo tsabola pathabwa paja, ndipo ichi ndicho chinawathyola khosi. A Yoramu anakhuthula tsabola, natenga tchizulo. Akanangofunsa a Cyprian kuti nyumba imakhala pati, bwenzi zonse zili bwino. Koma a Yoramu afunse? Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Loweruka masana anatulukira ndi thabwa paphewa, lopakidwa mafuta a nsatsi, nalitsitsa pakhonde mwamatama. Nyumba ziwiri zinali pamenepo, ngodya zake zoongoka bwino. Tonse tinaunjikana kudzaliona.

"Luso ndiye muli nalo, bambo," anatero a Omari motsitsa mawu. "Koma nyumba siziyang'anizana. Iliyonse imakhala chakumanja kwa mwini wake."

A Yoramu anali ataona nyumba ya mbali imodzi yokha ndi diso lawo la pakona lija, inayo n'kungoiika moyang'anizana nayo. Mtengo wosemedwa subwerera. Ine ndinamva chisoni, mwakuti ndinayang'ana kumbali.

A Cyprian ndi amene anakoka mpando. "Akulu, thirani ziwiriziwiri, tisewere chakale chija."

Anayamba, ndipo a Yoramu ankadya ngati kale, dzanja likuthamanga, nkhope ikumasuka pang'onopang'ono. Posakhalitsa pathabwa la a Omari panabuka phokoso, wina atamwaza nyumba yake n'kusesa mzere wonse wa mnzake. A Cyprian anapotoza khosi. Anabweza maso msanga, koma patapita kanthawi anachewukanso, nkhomo zili m'manja osaziponya.

"Pitani," anatero a Yoramu. "Ndaona kuti mtima uli uko."

Ndikhulupirira ankayembekeza kuti mnzawo akana. A Cyprian anaika nkhomo zija pansi bwinobwino, nati, "Zikomo, akulu," n'kunyamula mpando wawo.