Zipande Ziwiri za Ufa wa Chitsulo

Ndine mphunzitsi wa sayansi, choncho kunena kuti "sindikudziwa" kumandivuta. A NyaMhango, oyandikana nawo nyumba ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu, amaumba mbaula zadongo. Tsiku lina anadandaula kuti mbaula zina zimang'aluka zikatentha.

Ndinali nditawerengako pafoni kuti akatswiri amathira zitsulo zina m'dongo kuti lisamafutukuke kwambiri ndi moto. Ndinangowerenga mizere iwiri yoyambirira, koma ndinawauza molimba mtima kuti akatole ufa wa chitsulo kwa owotcherera mageti.

"Wochuluka bwanji, asambizgi?" anafunsa, pakuti kuno aphunzitsife amatitchula choncho.

"Zipande ziwiri pa ndowa," ndinayankha, osaphethira n'komwe.

Mbaula zonse makumi awiri, zomwe amayi a kumpingo ankadikira, zinatuluka mu uvuni zitang'aluka. Madzulo ake ndinamaliza kuwerenga nkhani ija. Chitsulo chake n'chapadera, amathira pang'ono zedi, ndipo chitsulo wamba chimafutukuka kuposa dongo.

M'mawa ndinawauza a NyaMhango kuti vuto ndi kuzizira kwa Mzuzu. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Yewo chomene," anatero. "Kuziziraku kwayamba chaka chino, eti?"

Mpaka lero, popita kuntchito ndimazungulira kuseri kwa tchalitchi kuti ndisadutse pakhomo pa a NyaMhango.