Madontho a Kunsi kwa Tsamba

Tayerekezani m'mawa wamba. Ana akuthamangira kusukulu, wina nsapato zili m'manja. Mayi wina wachikulire, telala, watsegula shopu yake koma makina sanawakhudze. Ali kuseri, wawerama pa zitini zondandalikidwa m'mbali mwa khoma lachinyontho, akutembenuza masamba limodzilimodzi. Mayi amenewa tonse tinkangowatchula kuti Anamasamba.

M'zitinimo munali mafeni, zomera zija za masamba onga nthenga, zosachita maluwa. Kwa ife odutsa, zonse zinali zofanana. Iwo ankasiyanitsa mitundu yake poona timadontho tofiirira ta kunsi kwa tsamba, momwe mumakhala mbewu yonga fumbi. Pa mtundu wina timadonthoto timandanda pakati, pa wina timatsata m'mphepete ngati mpendero wa siketi. Ana a sukulu akapatukira kumeneko, ankatuluka mochedwa, mawondo ali matope.

Maso atayamba kufooka, mwana wawo wamwamuna anaumirira kuti azikakhala kwake. Khonde la kumeneko linali laling'ono, choncho anapangana kuti atenga chitini chimodzi pa mtundu uliwonse.

Tsiku loti mawa anyamuka, mkazi wa mwanayo, pofuna kuthandiza, anatenga sizasi n'kudula tsamba lililonse lamadontho.

"Zinagwidwa nsabwe, amayi," anatero mokondwa. "Ndachotsa zodwala zonse."

Anamasamba anayang'ana mulu wa masambawo kwa kanthawi. "Apongozi, manja anu ndi achangu ndithu. Koma mwadula mayina. Ndizidziwa bwanji tsopano?"

Lole yodzawasamutsa itafika, Anamasamba anakhala pampando wawo wosokera n'kupinda manja.

"Amayi, kwerani," anatero mwana wawo. "Ingotolani zilizonse. Udzu ndi udzu basi."

"Udzu ndi ndevu zakozo. Iwe ndi mng'ono wako munabadwa mphuno zofanana. Ndinatayapo mmodzi?"

"Adalaivala akudikira, amayi."

"Adikire. Apo ayi undinyamule ndi mpando womwe, anthu aone mmene unaleredwera."

Dalaivala anaseka mpaka kutsamira chitseko. Lole inapita ndi katundu yekha.

Anamasamba anatsala m'chipinda chopanda kanthu, bedi, mpando ndi makina basi. Mwana wawo anakwiya, kenako anachonderera, kenako anatuma abale. Yankho silinasinthe: "Masamba akayankhula, ndibwera." Mvula inagwa, masamba atsopano anatambasuka pang'onopang'ono, ndipo madontho anayamba kuoneka. Koma maso awo anali atafookeratu. Apa m'pamene mpongozi uja, manyazi atamuchoka, anayamba kubwera. Iye ankagwada n'kumanena zomwe akuona, iwo ankagamula.

"Awa ali m'mphepete, amayi."

"Mosadukiza kapena modukizaduka?"

"Modukizaduka."

"Ikani uko. Ndipo sizasi ikhale m'chikwama."

Anamasamba anasamuka ndi zitini zisanu ndi zinayi, ndipo palibe mtundu umene unatsala.